Mame Nawo Amanyowetsa Nthaka: Miyezi Isanu ndi Umodzi ku Philippines

 

Achimwene ndi achemwali amene mapasipoti anu ali kale m'zikwama, mwandipempha kuti ndikambe za kukhala kwa eni pamene ntchito yakutumiza kunja kwa kanthawi. Ine anandituma ku Philippines, m'tauni ya Los Baños m'chigawo cha Laguna, kukagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi pamodzi ndi anthu ofufuza za mpunga. Ndinanyamuka mu Ogasiti n'kubwerako kumapeto kwa Januwale. Za mbewu, madzi ndi feteleza ndinalemba kale mu lipoti. Lero ndikamba zimene sizilowa mu lipoti, chonsecho ndi zomwe zimayendetsa ntchito kapena kuiimitsa.

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu amauza mwininyumba kuti amusunge bwino mlendo poti sakhalitsa. Vuto limabwera mlendo akautenga kukhala wake, n'kumati mumtima: poti ndine mame, ndivutikirenji kudziwa anthu ano? Munthu wotere amakhala ngati ali pa depoti, chikwama pamiyendo, maso kumsewu, kuwerenga masiku otsala. Ine ndinakhala choncho masabata atatu oyamba, ndipo ndabwera kudzakuchenjezani kuti musatero. Mame amene afika pansi amanyowetsa nthaka. Amene atsalira patsamba ndi omwe amauma osasiya kanthu.

Ndiyambe ndi dzikolo, chifukwa ndi ulemu kudziwa mbiri ya mudzi usanalowemo. Philippines ndi dziko la zilumba 7,641 kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 109 miliyoni. Zinenero zilipo zoposa 100, koma zaboma ndi ziwiri: Chifilipino, chomwe maziko ake ndi Chitagalogi, ndi Chingerezi. Ferdinand Magellan anafika kumeneko mu 1521 ndipo anaphedwa pa chilumba cha Mactan pomenyana ndi anthu a mfumu Lapulapu. Kuyambira 1565 mpaka 1898 dzikolo linali m'manja mwa Spain, ndipo dzina lakelo linachokera kwa mfumu Philip II. Kenako linagwa m'manja mwa America mpaka 1946. Mbiri imeneyi mumakumana nayo tsiku lililonse. Anthu ambiri ndi Akatolika, mayina awo ngachisipanishi, masewero okondedwa ndi basketball, ndipo mu ofesi amasakaniza Chitagalogi ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi monga timachitira ife. Tsiku lina ndinamva mayi akuuza mwana kuti avale sapatos, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti akunena nsapato. Iwo anatenga mawuwo kwa Asipanishi, ife kwa Apwitikizi.

Los Baños ili pafupifupi makilomita 60 kuchokera ku Manila, pakati pa phiri la Makiling ndi nyanja ya Laguna de Bay. Dzinalo limatanthauza malo osambira, chifukwa m'tsinde mwa phirilo mumatuluka akasupe a madzi otentha. Ife a zaulimi timaidziwa tauniyi chifukwa cha yunivesite ya University of the Philippines Los Baños komanso bungwe la International Rice Research Institute, lomwe linakhazikitsidwa mu 1960. Kumeneko n'kumene kunachokera mbewu ya IR8 mu 1966, mpunga waufupi wosagwa msanga womwe unachulukitsa zokolola ku Asia konse, ndipo nkhokwe yawo imasunga mitundu ya mpunga yoposa 100,000. Kwa munthu wokulira pafupi ndi madambo a mpunga ngati ine, kufika kumeneko kunali ngati kufika pagwero la mtsinje umene wakhala ukumwa kuyambira ubwana.

Koma chisangalalo cha kufika sichikhalitsa. Ogasiti kumeneko ndi pakati pa dzinja. Kutentha kwake nkwa chinyontho: umasamba m'mawa, ukamafika pakhomo malaya anyowa kale ndi thukuta. Magalimoto amayenda kumanja kwa msewu, ndiye podumpha msewu umayenera kuyamba kuyang'ana kumanzere, zosiyana ndi zomwe thupi linazolowera. Nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola 6. Ndinkadikira mpaka 11 koloko usiku kuti ndilankhule ndi ana atabwerako kusukulu, n'kudzuka m'mawa mutu uli waukulu. Mumsewu ana ankandiyang'anitsitsa, akuluakulu n'kumandifunsa ngati ndine wa ku America. Ndikati Malawi, ambiri sankadziwa komwe kuli. Ndikaweruka ndinkalowa m'chipinda, kutseka chitseko, kudya buledi ndi tiyi, n'kumayang'ana zithunzi za kunyumba pafoni. Kupukwa kunandigwira kwambiri sabata yachitatu. Muyembekezere zimenezi. Si matenda, si kufooka, ndipo sizitanthauza kuti munalakwa kuvomera ulendo.

Ndinkakhala m'nyumba ya mayi wina wachikulire amene ankachititsa lendi zipinda zingapo. Onse a m'nyumbamo ankamutchula Nanay, kutanthauza amayi. Madzulo aliwonse ndikamalowa pageti ankandifunsa funso limodzi lomwelo: "Kumain ka na?" Tanthauzo lake ndi lakuti, kodi wadya? Ine ndinkayankha kuti ndadya, ngakhale ndisanadye, poopa kulemetsa munthu. Ndinkaona ngati ndikuchita ulemu. Tsiku lina Nanay sanafunsenso. Anangoika mbale patebulo, n'kukoka mpando, n'kunena kuti, "Kain na, anak." Idya, mwananga. Munali mpunga ndi msuzi wowawasa wa bwemba womwe amautcha sinigang, muli nsomba, therere ndi masamba. Ndinakhala pansi. Usiku umenewo tinacheza maola awiri, ndipo ndinganene kuti ndi tsiku limene ndinafika ku Philippines, ngakhale ndege inali itanditsitsa masabata atatu m'mbuyomo.

Ndinazindikira kuti funso lija silifunsa za m'mimba mokha. Ndi moni, ndiponso ndi njira yokufunsira ngati uli ndi anthu okusamala. Mfilipino akamadya, iwe n'kudutsa, amati "Kain tayo," tiyeni tidye, monga momwe kwathu sitidyera mlendo akuyang'ana. Ndipo chakudya chawo chili ndi dongosolo lomwe ife timalidziwa bwino. Pali kanin, mpunga wophika, ndi ulam, zomwe kwathu ndi ndiwo. Munthu akadya buledi kapena zina popanda mpunga amaona ngati sanadye, monga timachitira ndi nsima. Mpunga ali nawo mayina ake malinga ndi pomwe wafika: uli ndi makoko ndi palay, wopuntha ndi bigas, wophika ndi kanin, ndipo nkhoko zake za pansi pa poto ndi tutong. Amadya ndi supuni kumanja ndi foloko kumanzere, koma kudya ndi manja nakonso kulipo, amakutcha kamayan, ndipo ndinapeza kuti amasangalala akaona mlendo akusamba m'manja n'kudya nawo choncho.

Loweruka lotsatira Nanay ananditenga kupita kumsika, womwe amautcha palengke. Tinakwera jeepney, galimoto yaitali yopakidwa mitundu yowala yomwe chiyambi chake ndi majipi amene asilikali a America anasiya itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu amakhala moyang'anana pa mabenchi awiri. Nthawi zambiri mulibe kondakitala. Wokhala kumbuyo amatulutsa ndalama n'kunena "Bayad po," ndipo ndalamayo imayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa dalaivala, chenji n'kubwerera njira yomweyo osasowa ngakhale khobidi. Ukafuna kutsika umati "Para po." Kumsikako ndinaima pa benchi la masamba n'kuona kholowa atamanga m'mitolo. Iwo amati talbos ng kamote. Pambali pake panali therere, maungu, chinangwa, ndi masamba a cham'mwamba omwe amawatcha malunggay ndipo amawathira mu msuzi wa nkhuku. Kutsogolo kunali tinsomba touma totchedwa dilis, tofanana ndi usipa, ndi tilapia yamoyo ikuphiriphitha m'beseni, mbale wake wa chambo. Masabata atatu ndinkalira ndiwo zakwathu, pamene ndiwozo zinali mphindi khumi kuchokera pomwe ndinkagona. Safunsa anadyadi phula.

Mwamva kamawu kakuti po kakubwerabwera. Musakapepuse. Ndi kamawu ka ulemu komwe amaika polankhula ndi wamkulu kapena munthu wosamudziwa, ndipo opo ndiye inde waulemu. Kamagwira ntchito yomwe kwathu imagwira "inu" m'malo mwa "iwe". Wamkulu samutchula dzina lokha. Mwamuna wokuposa pang'ono ndi Kuya, mkazi ndi Ate, anzawo a makolo ndi Tito ndi Tita, agogo ndi Lolo ndi Lola. Ana akafika pamaso pa agogo amatenga dzanja lawo n'kuliika pachipumi pawo akunena "Mano po," kupempha madalitso. Inu munaleredwa podziwa kuti achimwene ndi achimwene ngakhale si a bere limodzi, munaphunzira kulandira chinthu ndi manja awiri. Maleredwe amenewo ndi chuma chomwe muli nacho kale. Musakachisiye pabwalo la ndege poganiza kuti kunja kumafuna makhalidwe ena.

Tsopano ndifike pa ntchito, chifukwa n'zomwe akutumirani. Ndinali ndi ndime za mpunga zomwe tinkayenera kuyeza kutalika ndi kuwerenga mphukira pa phando lililonse. Wondithandiza anali bambo wina wodziwa munda kuposa ine, amene ndinkamutchula Kuya. Lolemba lina ndinamufunsa ngati tingamalize pofika Lachisanu. Anamwetulira n'kunena "Opo." Lachisanu litafika, ntchito inali pakati. Ine, poganizira masiku anga ochepa, ndinamufunsa mokweza mawu pamaso pa anzake kuti n'chifukwa chiyani analonjeza zomwe sanachite. Sanayankhe. Anangoyang'ana pansi, ndipo munda wonse unati zii. Sabata yotsatira anthu ankandipatsa moni bwinobwino, koma nthabwala zinatha, ndipo palibe ankandiuzanso kanthu ndisanafunse.

Mayi wina wa mu ofesi, Ate wathu, ndi amene anandiitanira pambali. Anandifotokozera mawu awiri. Loyamba ndi hiya, manyazi amene munthu amamva akachotsedwa ulemu pagulu. Lachiwiri ndi pakikisama, kuyenda bwino ndi anzako, kusunga mtendere wa gulu. Anandiuza kuti Kuya ankadziwa kuyambira Lolemba kuti masiku sakwana, chifukwa mvula inali itadzaza ndime ndipo anali ndi ntchito ina, koma kukaniza mlendo pamaso kukanakhala mwano. Opo wake ankatanthauza kuti ndamva ndipo ndiyesetsa. Zinandipweteka chifukwa zimenezi ndimazidziwa. Kwathu munthu akati "tiona" kapena "ndiyesetsa" timadziwa kumvetsera kuseri kwa mawu. Changu ndi chomwe chinanditseka makutu. M'mawa mwake, nthawi ya merienda, kachakudya ka pakati pa ntchito, ndinagula timabuledi ta pandesal, ndinakakhala naye pamzere wa ndime tili awiri, n'kupepesa. Kuyambira tsikulo ndinasiya kufunsa kuti, "Kodi mutha pofika Lachisanu?" Ndinayamba kufunsa kuti, "Kuya, mwa kuona kwanu, ntchito iyi ikufuna masiku angati, ndipo chingatichedwetse n'chiyani?" Mayankho anayamba kubwera oona, ndipo bamboyo anandiphunzitsa za kasamalidwe ka madzi m'ndime zomwe sindinazipeze m'buku lililonse. Dzudzulani pambali, yamikirani pagulu, ndipo funsani mafunso opatsa munthu mpata wonena zoona osachita manyazi.

Mu Okutobala kunabwera namondwe. Chaka chilichonse anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera lomwe dzikolo limayang'anira, ndipo nthambi yawo ya zanyengo, PAGASA, imapatsa aliyense dzina lakomweko n'kumalengeza chenjezo m'magawo, kuyambira 1 mpaka 5. Anthu amamvera. Ndinaona akumanga madenga ndi zingwe, akuika matayala akale pamalata, akutunga madzi m'zidebe, akutchaja mafoni ndi kugula makandulo. Sachita masewera nazo, chifukwa akukumbukira namondwe Yolanda, amene maiko ena amamutcha Haiyan, yemwe mu Novembala 2013 anapha anthu oposa 6,000, ambiri mwa iwo ku Tacloban ndi madera ozungulira. Ife amene tinaona zomwe namondwe Freddy anachita m'chigawo cha kum'mwera kwa dziko lathu mu Malichi 2023 tiyenera kuphunzirapo za kumvera chenjezo nthawi ikadalipo.

Usiku umenewo tonse tinasonkhana pabalaza pa Nanay, magetsi atazima, mphepo ikulira m'malata. Kutacha, mitengo inali itagwera mumsewu, ndipo denga la nyumba ina yoyandikana nafe linali litagwera m'munda. Palibe anaitana msonkhano. Amuna anatuluka ndi zikwanje zawo zotchedwa bolo, amayi anateleka mapoto, achinyamata anayamba kukoka nthambi. Ine ndinavala nsapato n'kupita. Tinaima anthu khumi ndi angapo mozungulira dengalo, wina anawerenga isa, dalawa, tatlo, ndipo tinalinyamula. Iwo mzimu umenewu amautcha bayanihan, ndipo chithunzi chake chakale ndi anthu a m'mudzi atasenza nyumba yathunthu ya nsungwi pamapewa, kumsamutsira mnzawo. Ndinawauza kuti kwathu timati mutu umodzi susenza denga. Anandipempha kuti ndibwereze m'Chichewa, ndipo anayesa kunena nawo. Kuyambira tsiku limenelo ana a m'deralo anasiya kundiyang'anitsitsa. Anayamba kundiitana Tito.

Sikuti zonse zinali zofanana ndi kwathu. Pa 1 Novembala a kwa Nanay anandiitana kumanda. Nthawi imeneyi amaitcha Undas. Mabanja amapita kukatsuka ndi kupaka penti manda a abale awo, kuyatsa makandulo, kuika maluwa, kupemphera, kenako kuyala mphasa n'kudya pomwepo tsiku lonse, ana akusewera pakati pa ziliza. Kwa ine amene ndinakula ndikudziwa kuti kumanda sikulowedwa wamba popanda mfumu kudziwa, miyendo inalemera pageti. Sindinabise. Ndinawauza mwambo wakwathu, iwo anamvetsera mwaulemu, ndipo ndinalowa n'kukhala nawo. Nanay anandionetsa manda a mwamuna wake n'kumufotokoza ngati munthu amene wangopita kumsika. Simukakamizidwa kutengera mwambo uliwonse wa eni. Chofunika ndi kuuona kaye ndi maso odekha musanauweruze.

Khirisimasi yawo imayamba mu Sepitembala, pomwe nyimbo zake zimayamba kumveka m'masitolo ndipo nyali zooneka ngati nyenyezi, zotchedwa parol, zimapachikidwa m'makomo. Kuyambira pa 16 mpaka pa 24 Disembala kumakhala Simbang Gabi, Misa ya m'bandakucha masiku 9 otsatizana, ndipo potuluka anthu amagula bibingka, chikondamoyo cha ufa wa mpunga chophikidwa pa makala m'masamba a nthochi. Pa 30 Disembala amakumbukira José Rizal, dokotala wa maso ndi mlembi amene anabadwira ku Calamba, tauni yoyandikana ndi Los Baños, mu 1861, ndipo anawomberedwa ndi boma la Spain ku Manila mu 1896. Amamulemekeza monga ife timalemekezera John Chilembwe. Ndinapita kukaona nyumba yokumbukira kwawo ku Calamba, ndipo anzanga a kuntchito atamva anakondwa kuposa momwe anakondwera ndi lipoti langa lililonse.

Usiku wa pa 24 Disembala, pa chakudya cha Noche Buena, ndi pamene ndinamvetsa chinthu chomwe chinkandizunguza. Nanay anaimika foni patebulo, kutsamiritsa pa botolo. Mbali ina kunali mwana wake wamkazi, namwino ku Saudi Arabia. Wamwamuna anali pa sitima yapamadzi ndipo sanapezeke. Afilipino mamiliyoni ambiri amagwira ntchito kunja, ndipo m'zaka zaposachedwapa ndalama zomwe amatumiza kwawo zimaposa madola 30 biliyoni a ku America pachaka. Amatumizanso makatoni akuluakulu otchedwa balikbayan box, odzaza sopo, zovala ndi nsapato zosonkhanitsa miyezi yambiri. Ife ana ndi adzukulu a anthu omwe anapita ku Wenela ndi ku Joni, tikudziwa kuti ndalama zoterezi zimabwera ndi mpando wopanda munthu patebulo. Foni itadulidwa, Nanay anapukuta misozi, n'kundiwonjezera mpunga m'mbale. Anandiuza kuti akamandifunsa ngati ndadya, amapemphera kuti kwinakwake kukhale munthu wofunsa ana ake funso lomwelo. Ndinakumbukira mawu a makolo akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Masabata atatu aja ndinkakana chakudya chake poganiza kuti ndikumupeputsira katundu, osadziwa kuti ndikumumana chinthu chokhacho chomwe chinkamutonthoza.

Ndisanakhale pansi, nawa malangizo ochepa oti muike m'thumba. Onetsetsani kuti mapepala anu akukulolani kugwira ntchito yomwe mwatumidwa, ndipo dziwani tsiku lomwe akutha. Gwirizanani ndi a kunyumba nthawi imodzi yolankhulana yosakuphani tulo. Ine ndinasamukira ku 12 koloko masana, yomwe kuno ndi 6 koloko m'mawa, ana asanapite kusukulu. Phunzirani mawu khumi a chinenero cha eni sabata yoyamba, kuyambira ndi salamat po, zikomo. Pitani kumsika msanga. Ndalama ya ulendo muigawe tsiku lomwe mwalandira, ina ya kunyumba, ina yodyera, ina yosunga. Ndipo nyamulani timphatso. Iwo ali ndi mwambo wa pasalubong: wochokera ku ulendo safika chimanjamanja. Ine ndinanyamula zitenje ziwiri ndi tiyi wa ku Thyolo, ndipo ndinalakalaka ndikananyamula zambiri.

Tsiku lonyamuka anandikonzera despedida, phwando lotsanzikana. Kuya anabwera ndi buko pie, chitumbuwa cha kokonati wanthete chomwe Los Baños imatchuka nacho, kuti ndidyere m'njira. Nanay anavala chimodzi mwa zitenje zija. Pageti anandifunsa funso lake komaliza, ndipo ulendo uno ndinayankha zoona: opo, Nanay, ndadya.

Achimwene ndi achemwali, mukapita mukalole kudyetsedwa. Mukalole kutchedwa mwana, mchimwene, malume. Mukasenze nawo denga. Miyezi yanu ndi yochepa, n'chifukwa chake simuyenera kutaya ngakhale sabata imodzi kuseri kwa chitseko. Ndipo mukadzabwerako, mudzayang'ane m'maofesi mwathu muno ndi m'masikimu athu a mpunga. Mudzapeza wina wochokera kutali, woti akhala nafe miyezi itatu yokha, atakhala payekha nthawi ya nkhomaliro, maso ali pafoni. Mudzapite pomwe wakhalapo, mudzakoke mpando, mudzamufunse kuti, kodi mwadya?